Fairphone 5: foni imene mbiri yake imayambira ku mgodi

Ndagwiritsa ntchito Fairphone 5 kuno ku Britain kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo chimene chinandikopa si kamera yake ayi, koma kafukufuku amene kampani yopanga foniyi ya Fairphone, yomwe inakhazikitsidwa ku Amsterdam m'dziko la Netherlands mu 2013, imachititsa pa mafoni ake. Akatswiri a bungwe la Fraunhofer IZM ku Berlin amalondoloza moyo wonse wa foni, kuyambira pokumba miyala, kudzera ku fakitale ndi m'manja mwa wogula, mpaka tsiku limene idzatayidwe, n'kuwerengetsa mpweya woononga nyengo umene umatuluka pa gawo lililonse.

Anapeza kuti mpweya wambiri umatuluka foni isanafike n'komwe m'sitolo, makamaka popanga tizipangizo tam'kati, pomwe magetsi otchajira amawonjezerapo pang'ono chabe. Atafufuza Fairphone 4, foni imene inatuluka isanabwere iyi, anaona kuti kuisunga zaka 5 m'malo mwa 3 kumachepetsa mpweya wa pachaka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Foniyi inapangidwa motsatira nzeru imeneyi. Chivundikiro chakumbuyo chimatseguka ndi chikhadabo, batire imatuluka ndi zala, ndipo nditaigwetsa pa simenti galasi n'kusweka, ndinaitanitsa lina n'kulisintha ndekha pa tebulo ndi kasikuludiraiva kamodzi. Aliyense amene anaonapo wokonza mafoni pa msika akulimbana ndi guluu kuti atsegule foni, mwiniwake mtima uli m'mwamba, adzamvetsa kufunika kwa zimenezi. Chitsimikizo chake choti kampaniyo idzaikonza ikapezeka ndi vuto (walanti) chimafika zaka 5, ndipo kampaniyi inalonjeza kusamalira mapulogalamu ake mpaka 2031.

Kumbali yogula zipangizo, kampaniyi inabweretsa golide wa Fairtrade mu malonda ake, kutanthauza golide wokhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti okumba analipidwa mwachilungamo, ndipo mu 2020 inali m'gulu la oyambitsa Fair Cobalt Alliance, mgwirizano wofuna kukonza kagwiridwe ka ntchito m'migodi ing'onoing'ono ya cobalt (chitsulo chogwiritsidwa ntchito m'mabatire) ku Democratic Republic of Congo. Ndimailemekeza chifukwa imavomereza poyera kuti si chitsulo chilichonse cha m'foni chimene ingathe kuchilondoloza mpaka ku dzenje kumene chinakumbidwa.

Mtengo wa foniyi ndi wowawa, pakuti inatuluka mu 2023 pa mayuro 699, komanso ndi yochindikala poiyerekeza ndi zinzake. Ilibenso bowo lolumikizira mahedifoni a chingwe, ndipo ndikuona kuti mfundo imeneyi ikusemphana ndi cholinga chake, popeza mahedifoni opanda chingwe nawonso amakhala ndi mabatire amene amatha mphamvu pakapita nthawi. Ngakhale zili choncho, yangayi ndikufuna kuifikitsa mu 2031.