Akitekiti amene anatijambulira nyumba ku Chileka: ndingamulembenso, koma ndi pangano lolemba

Anthu akaona nyumba yathu ku Chileka amakonda kundifunsa ngati ndalama imene ndinapereka kwa akitekiti sikanagula simenti. Ikanagula ndithu, matumba ambiri. Komabe ntchito yake ndikuiyamikira, ngakhale pali zina zimene ndikazikumbukira ndimapukusa mutu.

Puloti yathu ili pamtsetse. Tinaigula kalekale, koma maganizo omanga anakhwima mu 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa mu March. Munthu wa mu Blantyre amene anaona matope a ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche sangamange pamtsetse mwachisawawa. Mlamu wanga anabwera ndi pulani yofotokopa ya nyumba ya mnzake, akuti, "Alamu, ingosinthani dzina apa basi." Ndinakana. Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anandilozera mayi wina wachitsikana amene anaphunzira ku Poly, yomwe pano ndi MUBAS. Ndisanatulutse khobidi ndinamupempha umboni woti analembetsa kubungwe loyang'anira akitekiti la Board of Architects and Quantity Surveyors, chifukwa ojambula mapulani m'tauni muno ndi ambiri koma si onse amene ali akitekiti. Sanakwinye nkhope, anandionetsa.

Tsiku loyamba sanatsegule n'komwe laputopu. Anavala majombo, anazungulira puloti yonse, kenaka anakagogoda kwa aneba kukafunsa kumene madzi amadzera mvula ikagwa yamphamvu. Anatuma mnyamata kukumba maenje, lina kumtunda lina kumunsi. Kumtunda kunatuluka katondo wolimba, kumunsi dothi lakuda lamakande, lija limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja. Pomwepo anandiuza kuti nyumba isakhale pakati pomwe ine ndinkafuna, ikwere kumtunda, maziko atsike ngati masitepe motsata mtsetsewo, ndipo kuseri kukhale ngalande yomangidwa yolandira madzi asanafike pakhoma. Mazenera aakulu anawaloza kumpoto ndi kumwera, khonde analiika kumadzulo kuti dzuwa lamasana lisamawombe khoma la kuchipinda. Amene amadziwa kutentha kwa ku Chileka mu October amvetsa. Ife timagona bwino opanda fani, pomwe aneba amakhala panja mpaka usiku kudikira kuti m'nyumba muzizire. Pulani yofotokopa ija sikanadziwa zonsezi.

Koma pulani yake yoyamba inali ya munthu wina, osati ine. Denga la ngodya zambirimbiri, zitseko zagalasi pabalaza, bafa m'chipinda chilichonse, pomwe ndinali nditamuuza kale kukula kwa thumba langa. Kukhitchini ndiye kunandiseketsa: makabati okongola, malo a kuka ndi filiji, koma popanda poika mbaula, popanda posunga matumba a chimanga. Ndinamufunsa kuti, "Mayi, magetsi akathima ndidzaphikira pati nyemba?" Iye akuti, "Amayi, makala akutha mitengo, gulani gasi." Zoona zake, koma nyemba za banja lonse pa gasi ndi nkhani ina. Tinakokana mpaka anawonjezera kakhonde kakuseri ka khoma lofika m'chiuno, kolowa mphepo, ndi kasitolo pambali pake. Lero ndi malo amene timakhalapo kwambiri m'nyumba yonse. Chimene chinandiwawa n'chakuti kusintha kwina kunali kolipira padera, ndipo izi anandiuza atasintha kale.

Zolipira padera zinalipo zinanso. Khoma lotchinga dothi kumtunda linafuna injiniya wake. Mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake, BOQ ija, analemba ndi munthu winanso. Kukhonsolo nakonso kuli ndalama yake. Zonsezi n'zoyenera, ndipo mapepala anakapereka yekha mpaka anadindidwa, ine osataya tsiku. Vuto ndi lakuti ndinkazimva chimodzichimodzi, nthawi yolipira itakwana.

Phindu lenileni la mayiyu ndinaliona pasaiti, osati papepala. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo ngakhale yathu ndi nyumba yokhalamo, iye analimbikira kuti timange ndi mabuloko. Anyamata a folomani wathu anaumba mulu waukulu. Atabwera, anatola buloko limodzi, analikweza kufika pachifuwa, n'kulisiya. Linanyenyeka ngati chigumu chogona. Anatola lina cha pakati pa mulu, chimodzimodzi.

"Bambo folomani, thumba limodzi mwaumba mabuloko angati?"

A folomani anayang'ana kumbali. "Madamu, ife tinayamba kumanga inu musanabadwe."

"Ndikudziwa bambo. Ndiye mukudziwanso kuti awa simenti yachepa, ndipo sanamwe madzi."

Sanakweze mawu. Anangolemba m'kabuku kake kuti mulu wonsewo usakwere pakhoma, n'kundiuza kuti atsopano azithiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ali pamthunzi. Ine ndikanaona chiyani? Kwa ine buloko ndi buloko. Ulendo wina anaimitsa kuthira silabu chifukwa mankhwala a chiswe anali asanapoperedwe ndipo pulasitiki wakuda woletsa chinyontho anali akadali m'sitolo. Pa lintala anayeza yekha ndi tepi kutalikirana kwa maring'i a zitsulo, n'kuwabwezetsa pomwe anyamata anatalikitsa kuti zitsulo zitsale. A folomani anadandaula kwa amuna anga kuti kamtsikana aka kakuwachititsa manyazi pamaso pa anyamata awo. Pofika padenga anali iwo amene ankamuimbira okha kufunsa.

Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, BOQ yathu inasanduka pepala wamba. Simenti, malata, zitsulo, zonse zinathawa. Apa anatithandiza mosanyinyirika ndipo sanatilipiritse. Denga analiphweketsa kukhala la mbali ziwiri, zimene zinachepetsa matabwa ndi malata odulidwa otayika. Chipinda chimodzi anatiuza kuti tichisiye pa silabu, koma mapaipi a madzi ndi a mawaya a magetsi analowetseratu kuti tsiku lomanga tisadzagumule khoma.

Pomwe sindingamuikire kumbuyo ndi pafoni. Uthenga wa pa WhatsApp amauwerenga, tizizindikiro tiwiri tija n'kusanduka tabuluu, kenaka zii. Pamenepo anyamata aganyu akhala pamchenga kudikira yankho, ndipo madzulo afuna ndalama yawo ya tsiku. Ndimamvetsa kuti ali ndi masaiti ambiri ndipo athu ndi aang'ono, koma ndalama yathu si yaing'ono kwa ife. Nthawi zina ndinkachita kumulondola ku ofesi.

Amene muli ndi puloti yosalala, dothi labwino, ndi bilida amene ntchito yake munaiona ndi maso, mwina mungathe ndi wojambula mapulani wotchipa. Koma ngati muli pamtsetse, pafupi ndi dambo, kapena mukumanga muli ku Joni n'kumangotumiza ndalama kwa achibale, lembani akitekiti ndipo lipirani ndi za kuyendera saiti zomwe, osati pulani yokha. M'pangano mulembe kuti adzabwera pa maziko, pa silabu, pa lintala ndi padenga, kusintha pulani kwaulere kulekezera pati, ndi anthu ena onse amene mudzafunike kuwalipira. Mulembenso kuti pomaliza adzakupatsani chojambula chosonyeza mmene mapaipi anadutsira. Changa ndikudikirabe, ndipo pulambala akufuna kuboola khoma la kubafa sabata yamawa.