Ndemanga yanga pa kashopu kobena mafilimu ku 25: nyenyezi 3 pa 5

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti mafilimu amene timaonera kunyumba kwathu ndimawatenga kuti, ndiye mmalo moyankha mmodzimmodzi bola ndingonena pano kamodzi. Ndi kashopu kena kali chakufupi ndi msika wa Nsungwi ku Area 25. Dzina sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule mmunsimu ndipo sindikufuna kumuonongera bizinesi mwana wa eni ake. Ndabenetsako kasanu ndi kamodzi pa miyezi inayi, ndiye ndikuona kuti pakamwa ndili napo.

Chinandipititsa kumeneko ndi amayi. Anabwera kuchokera ku Mponela mu June kudzaonana ndi adokotala za mwendo, zinthu zinatalika mpaka anakhala nafe miyezi itatu. Munthu wozolowera kudimba kumukhazika pampando tsiku lonse, ife tili kuntchito ana kusukulu, sabata yachiwiri anayamba kale zoti ine ndizipita kwathu kuno ndikungodya nkugona ngati mlendo wa pa maliro. Pa dikoda matchanelo ambiri ndi achizungu pomwe iwo chizungu chawo chimathera pa moni. Akaonera nkhani za Chichewa pa MBC kapena pa Zodiak basi zatha, kwatsala kuyang'ana khoma. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anati iwe tenga fulashi ukabenetse otanthauzira aja, ukandiuza.

Za kashopuko kaye. Ndi kachipinda kamodzi, kompyuta imodzi, sipika ikulira ngati kuli chinkhoswe, ndiye mnyamata wake ali pakona. Nditangolowa anati anti mukufuna zotani, za nkhondo, za chikondi, za ufiti, za chainizi kapena za mapemphero? Nditamuuza kuti ndi za amayi anga achikulire anaseka nkuti aaa ndiye za chi Nigeria zimenezo anti, agogo onse amafera zimenezo. Sananame. Apa ndimupatse ulemu wake, katundu wake amamudziwa, ukangomufotokozera kuti ija ya mtsikana wogulitsa malalanje amene anakwatiwa ndi mwana wa mfumu, iye wayipeza kale ngakhale iweyo dzina sukulidziwa. Mtengo ndi wachifundo ukayerekeza ndi bandulo imene ungathe kuti udawunilode wekha, ndipo ukadzazitsa fulashi yonse amakuchotserako. Amaika mmafolda bwinobwino, ndipo kawiri konse filimu itakana kutseguka pa TV anandibenera ina osandilipiritsa. Kudikira kokha ndiye konzekani, fulashi ya 32GB inanditengera ola lathunthu, ndinapita kukagula tomato ndi bonya nkubwerera ikadali pa theka. Magetsi akathima pakati ndiye kuyambiranso.

Zondinyansa zilipo zitatu ndipo ndinamuuza pamaso. Ulendo wachiwiri fulashi inabwera ndi vayilasi ija imabisa mafolda nkusiya tima shortcut, ndinaiika pa laputopu ya kuntchito, zimene ndinaona tsiku limenelo Mulungu yekha akudziwa. Chachiwiri, sizoni ina anandipatsa ikusowa episodi yomaliza, ndibwereranso ku nkhani imeneyi. Chachitatu ndi chimene chachotsa nyenyezi yathunthu: mu folda imene iye mwini analemba kuti ya banja munali filimu ina yoti siyoonera ndi makolo olo pang'ono. Tili pa sitting room tonse, amayi, bambo a kunyumba, ana awiri, zinthu zinangosintha mwadzidzidzi anthu ayamba kuvulana, rimoti osaoneka. Bambo a kunyumba anadzuka kuti akaone ngati geti yatsekedwa, geti yoti anatseka okha. Ine ndinathamangira ku khitchini kukavundula ndiwo zozizira. Amayi anangoyang'ana pansi nkuti kodi mvula chaka chino iyamba liti. DJ wotanthauzira filimuyo naye mmalo modula akungoti ana tsekani maso akuluakulu akukambirana za chitukuko. Pano tikuseka koma tsiku limenelo manyazi ake ndinafuna pansi patseguke.

Tsopano mafilimu enieniwo, poti fulashi ndi chikho chabe nkhani ndi zimene zili mkatimo. Ine zimene ndaona pa miyezi imeneyi ndi zoti kunyumba kwathu filimu imakoma kapena kuipa chifukwa cha mawu, zithunzi zimabwera pambuyo.

Otanthauzira aja, kwa amene simunawaonepo, amatenga filimu ya ku China, India, Korea kaya America, ndiye mnyamata mmodzi amayankhulira anthu onse, mfumu ndi iye, mkazi wa mfumu ndi iye yemweyo wangochepetsa mawu, galu akauwa nayenso amamutanthauzira. Mayina amasintha, malo amasintha, mzinda wa nyumba zosanja zitalizitali ukumva akuti apa afika ku Mchesi, anthu akudya ndi timitengo iye akuti nsima ya mgaiwa yavuta lero. Stelingi akamenya anthu khumi akuti awa anamubera foni mu depoti. Kunena zoona ndinaseka mpaka misozi, ndipo amayi amene ankati azipita kwawo anayamba kundifunsa ndikangofika kuti wabweretsa zatsopano? Munthu woti sanapondepo mu vidiyo sho moyo wake wonse anayamba kuwauza adzukulu kuti musade nkhawa stelingi samafa. Luso lilipo, kumasulira nthabwala ya dziko lina kuti agogo a ku Dowa aseke si masewera.

Koma anyamatawa sadziwa pokhala chete. Ndilo vuto lawo lalikulu. Pali filimu ina ya nkhondo, mayi wapeza mwana wake atafa, nyimbo yachisoni ikuyamba, iwe pakhosi pakutsekeka, ndiye DJ akulowa ndi moni kwa anzake a pa rank, mpaka nambala ya foni kuti amene akufuna zatsopano amuimbire. Mxii. Komanso mmene amachitira, akamayankhula amatsitsa mawu onse a filimu, akasiya amakweza, ndiye nyimbo ndi phokoso la mfuti zimangoti bwera pita bwera pita, ukamaonera nthawi yaitali mutu umawawa. Wina ndiye amaulula mathero, munthu wangolowa kumene iye akuti uyu musamuzolowere afa posachedwapa. Nanga tionerenji? Ndipo ukakhala kuti chizungu ukumva umazindikira kuti malo ena akungopeka, zimene akunena ndi zimene zikuchitika sizikugwirizana olo pang'ono. Si onse, alipo mmodzi amene amatsata nkhani bwino ndipo amasiya malo achisoni akhale achisoni, ndinamuuza mnyamata uja kuti azindipatsa za ameneyo basi.

Za chi Nigeria sindichedwapo, mukuzidziwa. Nkhani ya ola limodzi amaikoka mpaka part 4, galimoto kutuluka pa geti timaionerera kuyambira kuliza injini mpaka kukhota pa msewu, mlonda wa pa geti nthawi zonse ndi chitsiru, apongozi aakazi nthawi zonse ndi mfiti, kumapeto abusa abwera apemphera zonse zatheka. Koma amayi ndi zimene anazikonda kuposa zonse, amati anthu awa ndi ife tomwe, mikangano ya minda, mitala, mwana wopita ku tauni nkuiwala kwawo. Amakalipira TV ngati anthuwo akumva. Ma series a chi India ndiye ine ayi, munthu akamva nkhani yodabwitsa kamera imamuonetsa nkhope katatu ndi chiphaliwali, kenako nkhope ya apongozi, ya mlamu, ya wantchito, episodi yatha palibe chachitika. Zovala ndi maukwati ake zokongola, basi.

Folda imene inandipweteka mtima ndi ya za kuno kwathu. Ife tinakula TV ili imodzi, TVM itayamba mu 1999 tinkadzazana pa nyumba ya aneba kuonera Tikuferanji, Manganya akangotulukira anthu kuseka asanayankhule nkomwe, ndi omwe aja a Michael Usi amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Izeki ndi Jakobo, mizimu yawo iuse mumtendere, anthu awiri okha popanda zokongoletsa zilizonse koma liwu lililonse umalimva ndipo umalikumbuka mawa lake. Ndiye ndinkayembekezera kuti ndi makamera a masiku ano zinthu zafika patali. Zithunzi zafikadi patali, ena mpaka drone kuonetsa Bingu Stadium ndi ma interchange kuchokera mmwamba. Nkhani zakenso ndi zathu zenizeni, za lendi, za alamu, za katapila, za mwana wa ku yunivesite wosowa fizi, ndipo Chichewa chake ndi chimene timayankhula mu minibasi. Koma mawu abale. Anthu akukambirana panja chimene ukumva ndi mphepo, tambala wa aneba akumveka bwino kuposa mwini filimu, akalowa mnyumba mawu akuchita ngati ali mchitsime. Ukweze voliyumu kuti umve, nyimbo ikubwera nkukugwetsa pampando. Amayi anangoti tabwezerani ya chi Nigeria ija, awa akunong'onezana. Taganizani, filimu ya Chichewa kuluza kwa filimu yakunja pa munthu amene amamva Chichewa chokha. Ndalama ya drone ija bwanji osagulira maikolofoni?

China chimene chimanditopetsa, munthu akangokhala wolemera mu filimu basi ayambe chizungu, chizungu chake choloweza choti nayenso chikumuvuta, pomwe mabwana enieni timawaona ku Area 47 ndi ku 43 akukalipa mu Chichewa bwinobwino. Ndipo musati sizingatheke kuno, Joyce Mhango Chavula anakatenga mphoto ya Africa Magic ku Lagos mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe, a Shemu Joyah anakatenganso mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Ndinamufunsa mnyamata uja ngati ali nazo, analibe, anati anthu sazifunsa.

Imodzi yokha ndiitchule mwapadera, ija ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Iyi ndiye mbali inayo ya vuto lomweli. Anajambulira konkuno, zithunzi zake zoyera, mawu omveka ngati munthu ali nawe mchipinda, gule wamkulu ali momwemo. Njala ya 2001 mpaka 2002 amayi anaiona ndi maso, pamene anthu akukanganirana chimanga pa mzere anasiya kuyankhula, kenako anayamba kutiuza za gaga ndi anthu a mmudzi mwathu amene sanafike pokolola, nkhani zoti ine mwana wawo ndinali ndisanazimvepo. Koma chapakati anandifunsa kuti kodi bambo akewa akuyankhula chiyankhulo chanji? Ndinati Chichewa amayi. Anati ayi. Chiwetel Ejiofor, amene anasewera bambo akewo komanso kutsogolera filimuyi, anayesetsa, kuphunzira chiyankhulo cha eni si chinthu chapafupi ndipo ndimamulemekeza kuti sanangopanga yonse mu chizungu, koma iye ndi mnyamata wa ku Kenya amene anasewera William mawu amawatchula mopotoka moti ine ndinkachita kuwerenga ma subtitle achizungu kuti ndimve Chichewa changa chomwe. Akayankhula Lily Banda, Mmalawi amene anasewera mchemwali wa William, ndiye umapuma, khutu limafika kunyumba.

Nkhani ina imene sindingaibise, ndinamufunsa mnyamatayo kuti kodi za a Malawi anzathuzi eni ake amalandirapo kanthu ukandibenera? Anangoseka nkuti anti inunso, a COSOMA mwayamba liti (bungwe lija loteteza umwini wa ntchito za aluso). Zinandikhala pamtima, chifukwa ndikudandaula za maikolofoni pomwe ndalama yanga sikufika kwa woti agule maikolofoniyo. Ndiye za kuno ndinasiya kubenetsa, zimene eni ake anaziika pa YouTube ndimaonera komweko ndi bandulo ya usiku.

Kwa amene mukufuna kupita, tengani fulashi yoti mulibe zinthu zofunika, mukabwera nayo isikaneni musanaiike pa laputopu, muuzeni atsegule episodi yoyamba ndi yomaliza muli pomwepo, ndipo filimu iliyonse yoti muonere ndi makolo kapena ana iyendetseni kaye nokha mwachangu. Zimene walemba pa folda musazikhulupirire.

Amayi anabwerera ku Mponela kumapeto kwa August, fulashi anatenga, akuti azikaonera pa TV ya sola ya achimwene. Koma sizoni ija yosowa episodi yomaliza ndi imene anaikonda kwambiri, ndiye foni iliyonse moni asanamalize akufunsa kuti kodi mtsikana uja anadziwa kuti mwamuna wake ndi amene anapha bambo ake? Ndapitako kawiri, mnyamata akuti DJ wake sanaitulutse, mawa anti, mawa. Loweruka ndikupitanso.