Pampu yoviika, ya panja kapena ya batire: kusankha pampu yodonthezera mbewu zolimidwa popanda dothi

Anzathu amene ayamba kulima tomato ndi nkhaka m'zidebe popanda dothi muno mu Harare, kaya ndi ku Mufakose, ku Dzivarasekwa kapena ku Mabvuku, amakonda kusankha pampu poyang'ana nambala yaikulu ya pabokosi, yonena malita amene pampuyo imatulutsa pa ola. Pa ulimi wodontheza madzi nambala imeneyi ndi yosocheretsa. Ngati muli ndi zidebe 40 ndipo chilichonse chili ndi kodontheza kotulutsa malita 4 pa ola, munda wonse ukufuna malita 160 okha pa ola, ndipo palibe pampu ya m'sitolo imene ingalephere zimenezo. Chimene chimasiyanitsa mapampu ndi mphamvu yokankhira madzi, yomwe imalembedwa m'mamita pafupi ndi chilembo cha Hmax. Mamita 10 ndi pafupifupi 1 bar, womwe ndi muyeso wina wa mphamvu yomweyo, ndipo madzi akafika pa msinkhu wa Hmax amakhala asiyiratu kutuluka.

Yotchipa kwambiri ndi pampu yoviika m'thanki, ya mtundu womwe amagwiritsa ntchito oweta nsomba zokongoletsa. Thupi lake ndi la pulasitiki, choncho feteleza wosungunula salidya, ilibe phokoso, ndipo yaing'ono imadya mawati 20 mpaka 40 basi. Kufooka kwake kuli pa kukankha. Pampu yolembedwa malita 2,000 pa ola ingakhale ndi Hmax ya mamita 2 okha, kutanthauza 0.2 bar, pamene todontheza tolinganiza madzi, totulutsa madzi ofanana m'chidebe chilichonse, monga ta kampani ya Netafim, timafuna pafupifupi 0.5 bar kapena kuposa kuti tigwire ntchito moyenera. Zotsatira zake n'zakuti zidebe zoyandikira thanki zimamwa mokwanira, za kumapeto kwa mzere zimafota. Amene asankha pampu imeneyi asiye todontheza toteroto n'kugwiritsa ntchito timapaipi ting'onoting'ono totseguka kukamwa, tofanana kutalika, ndipo mzere usatalike kwambiri. Palinso nkhani ya kutentha. Injini yake imazizira ndi madzi omwe yaviikidwamo, kotero kuti m'thanki yaing'ono, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, madzi amafunda mopitirira, mpweya wa m'madzimo umachepa, ndipo mizu imayamba kuola. Kuiyatsa kwa mphindi zochepa kangapo pa tsiku, m'malo moisiya ikuyenda usana wonse, kumachepetsa vutoli.

Yachiwiri ndi pampu ya panja, ija timaiona pambali pa mathanki a JoJo m'nyumba zambiri, poti madzi a khonsolo ochokera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray safika tsiku lililonse. Chitsanzo chodziwika ndi Pedrollo PKm 60, ya 0.37 kW, yomwe imakankha madzi mpaka pafupifupi mamita 40 ndi kutulutsa mpaka malita 40 pa mphindi. Mphamvu ilipo yochuluka, mwinanso yopitirira muyeso: kwa zidebe 40 mudzafunika paipi yobwezera madzi otsala m'thanki, kuti timapaipi tisazuke komanso kuti pampu isatenthe pokankha madzi opanda kotulukira. Kubweza kumeneku kuli ndi ubwino wake, pakuti kumavundula feteleza ndi kulowetsa mpweya m'madzi. Koma ine sindiilimbikitsa pa madzi a feteleza. Thupi lake ndi lachitsulo ndipo chozungulira cha m'kati ndi chamkuwa. Inapangidwira madzi oyera. Madzi a feteleza ali ndi mchere komanso amakhala owawasa pang'ono, chifukwa pH yake, muyeso wa kuwawasa, timaisunga pakati pa 5.5 ndi 6.5, motero chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbirilo n'kukatseka todontheza, ndipo pampu ikakhala masiku osayenda imatha kugwira osazungulira. Ngati munda ndi waukulu moti pampu ya panja n'njosapeweka, funani ya chitsulo chosachita dzimbiri kapena ya pulasitiki, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo.

Mapampu awiri onsewa amadalira magetsi a ZESA a 220 mpaka 240 V, ndipo apa ndi pamene Harare amasiyana ndi malo amene malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwera. Mu 2019, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, madera ambiri ankakhala maola mpaka 18 pa tsiku opanda magetsi, ndipo kawirikawiri ankabwera usiku, nthawi imene mbewu sizifuna madzi kwenikweni. Tomato wa m'dothi amapirira tsiku lathunthu. Wa m'chidebe cha timiyala kapena makungwa a paini ogaya amayamba kugwetsa masamba pakangopita maola ochepa dzuwa lili paliwombo. Pampu yoviika ingathe kuyenda pa inveta yaing'ono, chipangizo chosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, koma ya panja imakoka magetsi ochuluka kangapo panthawi yoyaka, ndipo inveta yofooka imangozima.

Pa chifukwa chimenechi, kwa munda wa zidebe zosapitirira 100 ine ndimaika patsogolo pampu ya batire ya 12 V, ya mtundu wa diaphragm, yopopa ndi kachikopa ka labala kogunda m'kati mwake, monga za Shurflo ndi Seaflo. Imakankha kuposa 2 bar, zomwe zimakwanira todontheza tolinganiza aja kuti chidebe choyamba ndi chomaliza zilandire mofanana. Imakoka yokha madzi popanda kuithira kaye, siwonongeka msanga thanki ikaphwa, ndipo mbali zake zokhudza madzi ndi za pulasitiki ndi labala. Kawerengedwe ka magetsi ake n'kosavuta: pampu ya mawati 60 yoyenda mphindi 5 kasanu ndi katatu pa tsiku imayenda mphindi 40 zokha, ndipo imadya zosakwana ma amp-hour 4 kuchoka m'batire, zomwe sola yaing'ono imabwezeretsa m'mawa womwewo. Zovuta zake zilipo ndithu. Imagogoda mokweza, moti amene akuchita lendi aganizire za anansi ndi eni nyumba. Zambiri sizinapangidwe kuti ziziyenda maola ochuluka osapuma. Ndiponso madzi otuluka akakhala ochepa kwambiri, kaswitchi kake kozimitsa pampu mphamvu ya madzi ikakwera kamangoyaka ndi kuzima mobwerezabwereza mpaka kupsa, pokhapokha mutaika paipi yobwezera ija. Chipangizo choyatsa ndi kuzimitsa pa nthawi yake nachonso chikhale cha 12 V, chifukwa cha pakhoma chimaima magetsi akathima.

Ena amapewa zonsezi pokweza thanki pamwamba kuti madzi azitsika okha, pampu n'kumangodzaza thankiyo magetsi akabwera. Nzeruyi ndi yabwino, koma thanki yokwezedwa mamita 3 imapereka 0.3 bar yokha, choncho imagwirizana ndi timapaipi totseguka kapena todontheza tosafuna mphamvu zambiri, ndipo iyenera kuphimbidwa kuti madzi asafunde padzuwa.

Mtundu uliwonse mungasankhe, sefa ya timabowo ting'onoting'ono, yolembedwa 120 mesh, iikidwe madzi asanafike pa todontheza, ndipo pa pampu ya diaphragm pakhalenso kasefa kena mbali yokokera, chifukwa kamchenga kamodzi kochokera m'chitsime kamalepheretsa timavavu ta m'kati kutseka bwino. Pogula, funsani wogulitsa ngati ali ndi zosinthira, makamaka chozungulira cha pampu yoviika ndi kaswitchi ka ya batire, ndipo muone chithunzi cha mzere wopindika chosonyeza malita amene pampu imatulutsa pa msinkhu uliwonse. Pamzere umenewo yang'anani malita a pa msinkhu wa munda wanu, mutawonjezapo mamita 5 ngati mukugwiritsa ntchito todontheza tolinganiza.