Ma DVD a Sesame Street: Old School, ndemanga ya amene anawagulira makatuni owerengera manambala

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinagula mapaketi awiri a zigawo zakale za Sesame Street, pulogalamu ya ana ya pa TV ya ku America, loyamba la zaka za 1969 mpaka 1974 ndi lachiwiri la 1974 mpaka 1979. Lililonse muli zimbale zitatu. Big Bird, chidole cha chimbalame chachikasu cha m'pulogalamuyi, ndi anzake sindinkawafuna kwenikweni ayi. Ndinkasaka timakatuni tija ta mphindi imodzi tophunzitsa kuwerenga manambala, timene ndinkaonera pa Channel 4 ndili mwana, bambo anga akuphunzira ku Britain.

Kamene kanandipweteketsa mutu kwa zaka zambiri ndi ka pinball. Kampira kachitsulo kamagubuduka m'makina a masewera, kukhota uku ndi uku, kugunda mabelu ndi zidole, kwinaku azimayi akuimba manambala mpaka 12. Oimbawo ndi The Pointer Sisters, ndipo kanayamba kuoneka pa TV mu 1977, choncho musakafunefune m'paketi loyamba. Ndikakaonera lero ndi makutu a munthu wamkulu ndimaona kuti amene anapeka nyimboyo sanapeputse ana. Manambala sayenda mwandondomeko ya m'kalasi: amathamanga asanu, kupuma pang'ono, asanu ena, kenako awiri omaliza amagwa padera ngati wovina amene waponda mochedwa dala. N'chifukwa chake siichoka m'mutu. Anapanga timakatuni ta nambala 2 mpaka 12, ka nambala 1 kulibe, ndipo ndikuganiza anachita bwino. Chinthu chimodzi mwana amachidziwa kale.

M'paketi loyamba ndi mmene muli zakale zenizeni. Muli pulogalamu yoyamba yeniyeni, ya pa 10 Novembala 1969. Muli tizilombo 12 tofiira ta madontho akuda tikupita kukadyera kuthengo, komanso mfumu ya ng'ona ndi ana ake aamuna 7, imene inalonjeza chisoti chaufumu kwa amene angaisangalatse. Onse awiriwa anajambula ndi Bud Luckey, amene pambuyo pake anakagwira ntchito ku kampani yopanga mafilimu a makatuni ya Pixar n'kuthandiza kupanga maonekedwe a Woody wa mu Toy Story. Ka ng'onako ndi nthano yathunthu, yokhala ndi chiyambi ndi mathero, koma nambala 7 imamveka mobwerezabwereza osakutopetsa. Wophika makeke uja wa m'timafilimu ta Jim Henson, wopanga zidole za m'pulogalamuyi, aliponso, amene amatulukira pamwamba pa masitepe, kulengeza kuchuluka kwa makeke amene wanyamula, kenako n'kugubuduka nawo mpaka pansi. Si katuni imeneyo, ndi munthu weniweni, koma ndinaseka mpaka misozi ngakhale ndinkadziwa kuti agwa.

Chimene ndazindikira n'chakuti kanthu kalikonse kali ndi dzanja la mwiniwake. Kena ndi ka mizere yopyapyala ndi nyimbo ya jazi yothamanga, kena ndi ka mitundu yowala mpaka kuthobwa m'maso, kena n'kojambulidwa mwachimidzimidzi ndi gitala. Opanga pulogalamuyi ankatsanzira dala zotsatsa malonda za pa TV: kanthu kafupi, kokoma, kobwerezedwa, kokha kuti malonda ake ndi nambala. Mpake kumapeto ankanena kuti pulogalamu ya lero yabwera ndi chithandizo cha nambala yakutiyakuti. Makatuni owerengera amene ana anga amaonera pa YouTube amafanana onse nkhope, ndipo amatha kuyenda ola lathunthu popanda choti ukumbukire mawa.

Ana angawo ndawayesa. Wamkulu, wa Sitandade 4, anati zithunzi zake ndi zakuda ndipo anthu ake amalankhula pang'onopang'ono, n'kutuluka panja. Wamng'ono sanasamale za pulogalamu yonse, koma pinball ikangoyamba amathamangira pafupi ndi TV, ndipo tsopano amawerenga mpaka 12 mwa kayendedwe komweko, ngakhale powerenga mandasi m'mbale. Zimbalezi zimayamba ndi chenjezo loti mapulogalamu akalewa anawakonzera akuluakulu ndipo mwina sangagwirizane ndi zosowa za mwana wa masiku ano. Poyamba ndinaliseka, koma pali zoona zake: ogula enieni ndi ife a imvi zoyamba.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa ichi si chimbale cha makatuni owerengera okhaokha. Ambiri ali omwazikana mkati mwa mapulogalamu a ola limodzi, ndiye uyenera kukhala ndi rimoti m'manja kumadumphitsa. Ndiponso mapulogalamu ochepa otere sangakupatseni nambala iliyonse ya gulu lililonse, mungopeza zolawa. Zithunzi ndi za TV zakale zija, kotero pa TV yotambalala m'mbali mumatsala mdima.

Musanalipire funsani za rijoni, kutanthauza chigawo cha dziko lapansi chimene anakonzera zimbalezo. Zanga ndi za Region 1, za ku America, ndipo makina ena a DVD amazikana. Wondigulitsa pa intaneti sanalembe zimenezi, ndinapulumukira kamakina kotchipa kamene kamalandira chimbale chilichonse. Ngati ndalama ikukwanira paketi limodzi lokha, amene mumakumbukira kampira kachitsulo tengani lachiwiri, amene mukufuna ng'ona ndi wophika makeke tengani loyamba.