Chiwawu cha soya: kupopera mankhwala kapena kubzala msanga, chabwino nchiti?

Anzanga olima soya, nkhani ya chiwawu ija yatigawa pawiri, ena akuti gulani mankhwala basi, ena akuti bzalani ndi mvula yoyamba muthane nazo. Ine ndayesapo zonse ziwiri kuno ku Mchinji ndiye ndinene zomwe ndaona.

Matendawatu si akuno. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1902, akhala ku Asia zaka zambirimbiri, mu 1996 anapezeka ku Uganda, 1998 ku Zimbabwe, 2001 ku South Africa, chaka chomwecho anawoloka nyanja kufika ku Paraguay ndi Brazil, mu 2004 ali ku Louisiana ku America, komwe akatswiri amati anatengedwa ndi namondwe Ivan. Chimene chimayenda ndi kafumbi kofiirira kaja kamatuluka kunsi kwa tsamba, mphepo ndi imene imakanyamula, si mbewu yomwe mwagula ayi. Ndiye munda wanu kaya ndi wosamalika bwanji, chikafika m'dera chafika.

Kubzala msanga ubwino wake sikudya ndalama. Chiwawu chimakonda chinyezi, masamba akakhala onyowa maola 6 kupita mtsogolo ndiye chimamera, ndipo chimapweteka kwambiri kuyambira soya akachita maluwa mpaka podzaza makoko. Mukabzala mu Disembala mbewu yocha msanga ngati Tikolore, nthawi yomwe kafumbi kaja kachuluka mumphepo soya wanu amakhala watsala pang'ono kukhwima. Koma tinene zoona, mvula yoyamba tonse timathamangira chimanga, soya timamukumbukira mu Januwale. Komanso chaka cha mvula ya mvumbi ngati 2023 njirayi payokha siyikwanira, ine ndinabzala bwinobwino nthawi yake koma masamba anachita chikasu nkuyoyoka makoko asanadzaze, tinakolola timaso ting'onoting'ono topepuka, mpaka pano zimandiwawa.

Mankhwala amagwira, izi sindikutsutsa. Vuto ambiri timapopera mochedwa, taona munda wonse wafiira ndi pomwe tikuthamangira kwa agro-dealer, pamenepo ndalama yapita ulele chifukwa tsamba lomwe lapsa silibwerera. Muziyendera munda soya akangoyamba maluwa, muziwerama kutembenuza masamba a m'munsi, timadontho tija timayambira kumeneko. Ndipo popopera nozo ya sipuleya ilowe mkati, osangonyowetsa pamwamba. Mtengo wake ndi womwe umaluma, mankhwala, waganyu wopopera, madzi otunga, ndiye pa ekala ziwiri zitatu bajeti imagwedezeka ndithu, koma yerekezani ndi matenda oti akalusa amatha kudya mpaka 80 peresenti ya zokolola.

Pali china chomwe a ku Brazil anaphunzira mowawa. Anadalira kwambiri mankhwala a gulu limodzi ngati tebuconazole mpaka chiwawu chinayamba kuwazolowera, pano amasakaniza ndi ena monga mancozeb. Ndiye musamagule botolo lomwelo chaka ndi chaka, werengani lebulo muone chomwe chili mkatimo, mayina a pabotolo amasiyana koma mankhwala nkukhala omwewo. Anakhazikitsanso lamulo la vazio sanitário, miyezi iwiri kapena itatu yopanda soya wamoyo m'munda uliwonse, poti chiwawu sichikhala pa mapesi ouma, chimafuna tsamba lamoyo. Ife kuno soya womera yekha m'mbali mwa dimba timangomuyang'ana, chonsecho ndi amene amasunga matenda chilimwe chonse.

Mukandikakamiza kusankha chimodzi, wa theka la ekala wopanda sipuleya ndimuuza abzale msanga. Koma wolima kuti agulitse asadalire zimenezo zokha. Ine chaka chino soya ndibzala sabata yomweyo ya chimanga, ndipo mankhwala ndigulira limodzi ndi mbewu, akhale m'nyumba maluwa asanatuluke.