Hota Shogakko: sukulu yopanda ana imene inasanduka msika ndi malo ogona

M'tauni ya Kyonan, m'chigawo cha Chiba ku Japan, muli malo opumirapo apaulendo otchedwa Hota Shogakko, amene kale anali sukulu ya pulayimale. Sukuluyi inatsekedwa mu 2014 chifukwa cha kuchepa kwa ana, vuto limene likuchititsa kuti sukulu mazanamazana zizitsekedwa chaka chilichonse m'dzikolo, ndipo akuluakulu a tauniyi, m'malo mogwetsa nyumbazo, anazikonza n'kuzitsegulanso mu 2015.

Chimene chakonzedwa bwino koposa, m'kuona kwanga, ndi holo imene ana ankachitiramo masewera. Panopa ndi msika waukulu kumene alimi a m'deralo amagulitsa ndiwo zamasamba, zipatso ndi maluwa, choncho nyumbayi ikupindulirabe mabanja omwe aja amene ana awo anaphunzira pomwepo. M'makalasi a pansi muli malesitilanti, ndipo ina mwa iwo imaphika chakudya chofanana ndi chimene ana a sukulu a ku Japan amalandira masana, chomwe chimakopa kwambiri achikulire okumbukira ubwana wawo kuposa mlendo wongofuna kukhuta.

Makalasi a m'mwamba ndiwo zipinda zogona, ndipo mabolodi olembapo ndi choko anawasiya dala pakhoma. Munthu asayembekezere ulemerero wa hotela, pakuti zimbudzi ndi mosambira n'zogwiritsa ntchito limodzi ndi alendo ena, monga momwe nyumba ya sukulu inamangidwira. Amene akuyenda pagalimoto sangavutike kufikapo, popeza malowa ali pafupi ndi pamene msewu waukulu wopita ku mzinda wa Tateyama umapatukira.