Ndemanga yanga pa kiti yoyezera DNA ya makolo: za ku India yaona, za kuchigwa kuno yangophatikiza

Nyenyezi 3 pa 5, ndipo ndifotokoza chifukwa chake poti anthu andifunsa kwambiri chiitumizireni kiti imeneyi, ena akuganiza kuti ukalavulira mkabotolo basi kompyuta ikuuza kuti iwe ndiwe Msena wa kwa Tengani kapena Mmang'anja wa kwa Lundu. Ayi ndithu, sizikuyenda choncho.

Ndiyambe ndi kagulidwe. Kampani yake ndi ya ku America ndipo kuno ku Malawi situmiza, nde ndinadzera kwa msuweni wanga wa ku Joni, iye anagula pa intaneti pafupifupi madola 100 kenako anapatsira munthu wobwera pa basi mpaka ku Blantyre, ine kukatenga. Mkatimo muli kabotolo, kapepala ka malangizo ndi nambala yoti ulembetse pa apu. Umakhala mphindi 30 osadya osamwa osasuta, kenako kulavula mpaka malovu afike pa kamzere, thovu sawerengera. Ndi kutentha kwa ku Nsanje kuno mwezi wa October kukhosi kuli gwa, kudzaza kabotolo kameneko ndi ntchito abale, chitani m'mawa kusanatenthe. Ukatseka chivindikiro mumatsikira timadzi tosunga malovuwo kuti asawonongeke, ndipo apa ndiwayamikire, kabotolo kanayenda pa minibasi kuchoka ku Bangula kukwera Thabwa mpaka kubwerera ku Joni koma sanakakane. Zotsatira zinachedwa ndithu, pafupifupi miyezi iwiri kuwerengera ndi ulendo wonsewo.

Chimene ndinagulira nchakuti kwathu kuchimuna kuli nkhani yakale yoti agogo awo a agogo anga anali mwana wa mzungu wa ku Sena, ena amati Mgowa, nchifukwa chake azakhali ena ali ndi tsitsi lofewa. Bambo anga ndi Asena a kufupi ndi Marka, mayi anga ndi Amang'anja a ku Chikwawa. Nkhani ngati imeneyi kuchigwa kuno pafupifupi mudzi uliwonse wa m'malire uli nayo, ndipo si yongopeka yonse chifukwa m'mbali mwa Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, kunali ma prazo, minda ikuluikulu ya Apwitikizi ndi anthu ochokera ku Goa ku India, amene anakwatira akazi akonko kwa mibadwomibadwo mpaka ana awo anali akuda ngati ife tomwe, ali ndi asilikali awo Achikunda. Matekenya uja amene anazunza Amang'anja kugwira akapolo cha m'ma 1860 anali wa banja la Mariano, la magazi a ku Goa.

Nde zotsatira zanga zinati pafupifupi maperesenti 97 ndi a kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, 2 ndi kanthu a ku India, kotsalako kosakwana 1 ka ku Portugal ndi Spain. Masamu ake akugwirizana ndi nkhani ya kwathu ija, poti kwa kholo umatenga theka, kwa agogo pafupifupi 25, kenako 12.5, kenako 6, kenako 3, kumangotsika ndi theka m'badwo uliwonse. Ndiye Mgowayo analikodi koma ali kutali, mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi kumbuyoko. Apa kiti yagwira ntchito yake, sindinganame. Kaperesenti ka Portugal ako sindikukadalira kwenikweni, apu yomweyo ili ndi posinthira kuti ikuwonetse zokhazo zimene ili nazo chitsimikizo chachikulu, nditasinthira pamenepo ka Portugal kanasowa koma ka India kanatsala.

Vuto langa lili pa 97 uja. Chinthu chachikulu chonchi angochipaka mtundu umodzi pa mapu, kuyambira Zambia, Malawi, Mozambique mpaka Zimbabwe, basi. Mkazi wanga wa ku Ngabu anayezetsanso, iye zake 100 yonse ya Africa, dzina lake lomwelo. Mnzanga wina Mlomwe wa ku Thyolo amene timagwira naye ntchito, chimodzimodzi. Pomwe mzungu akayezetsa amamuuza mpaka chigawo cha ku Ireland kapena ku Italy kumene agogo ake anachokera. Chifukwa chake nchakuti makina awa amafananitsa DNA yako ndi ya anthu amene ali kale m'nkhokwe yawo, ndipo ambiri mwa anthuwo ndi a ku Ulaya ndi America, ife tilimo owerengeka. Komanso tinene zoona, ife olankhula zilankhulo za Chibantu tinafalikira kuno posachedwapa tikawerengera zaka za mtundu wa anthu, zaka zosakwana 2,000 zapitazo kudera lino, nde DNA yathu ndi yofanana kwambiri, kuti usiyanitse Msena ndi Mmang'anja pamafunika anthu ambirimbiri oyezedwa mudzi ndi mudzi. Koma ndalama analandira yofanana ndi ya mzungu uja, mpamene pakundiwawa.

Chigwa chathuchi chikanakhala chokoma kuchiona pa mapu otere. Taganizani, Amang'anja eni nthaka a Mbona ku Khulubvi, kenako Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi nkutsala kuno iye atachoka mu 1864, anali amuna ochepa chabe koma anakwatira akazi ambiri a Chimang'anja nkukhala mafumu, Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima onsewa. Kenako Asena kuwoloka kuthawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ena kudzagwira ntchito pa njanji nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald, kenakonso othawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo m'ma 1980 amene ena mwa iwo sanabwerere ngakhale mtendere unabwera mu 1992, kuwonjezera ochokera kumapiri odzadula nzimbe ku Nchalo. Munthu wa ku Marka ndi wa ku Chapananga sangakhale ndi kusakanikirana kofanana, koma apu ikuti tonse ndife bokosi limodzi.

Kumene zinthu izi zinafufuzidwa bwino kusiyana kwa zigawo kumaoneka poyera. Brazil ndi dziko limodzi, chilankhulo chimodzi, koma kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti anthu a mu mzinda wa Salvador kumpoto chakum'mawa pafupifupi theka la DNA yawo ndi ya ku Africa, pomwe ku Pelotas kum'mwera pafupifupi maperesenti 76 ndi a ku Ulaya, ndipo magazi a eni nthaka amachuluka kumpoto ku Amazon. Chimene chinandigwira mtima ine nchakuti ngakhale mbali ya Africa yomweyo si imodzi, ku Salvador yambiri ndi ya kumadzulo kwa Africa pomwe kum'mwera ndi cha ku Rio de Janeiro kukupezeka yochulukirapo ya kuno kum'mawa, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 zombo zinkanyamula akapolo ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique kupita ku Rio mpaka Brazil italetsa malondawo mu 1850. Quelimane ndi pompa abale, anthu ogwidwa m'mbali mwa Zambezi ndi Shire ankatsikira komweko. Nde pa mndandanda wa achibale a DNA amene apu yandipatsa nditaona anthu angapo a ku Brazil olembedwa kuti asuweni akutali kwambiri sindinadabwe, ndinangokhala phee kaye. Mmodzi ndinamulembera, timamvana movutikira ndi Chipwitikizi changa cha pa msika wa ku Marka. Madagascar nayonso ndi choncho, a kumapiri a pakati magazi a ku Indonesia ndi ochuluka, a m'mbali mwa nyanja a ku Africa ndi ochuluka.

Pali gawo lina la mzere wa bambo ndi mzere wa mayi, ili ndalikonda kuposa maperesenti aja chifukwa likufanana ndi mmene timawerengera ubale kuno. Asena timatsata kuchimuna, Amang'anja kuchikazi, nde DNA nayo ili ndi Y imene imayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna yekha, ndi ina yotchedwa mtDNA imene aliyense amatenga kwa mayi ake. Yanga ya kuchimuna yatuluka E-M2, yofala kwambiri pakati pa anthu a Chibantu, kutanthauza kuti Mgowa uja sanali pa mzere wa bambo a bambo a bambo anga ayi, analowera mbali ina, mwina kudzera mwa agogo aakazi. Amalume ena a ku Chikwawa atamva izi anaseka mpaka misozi, amvekere tinkakuuzani ife kuti uzungu wanuwo ngwa m'mphepete. Ya kuchikazi yatuluka L0a. Azimayi dziwani kuti inu Y mulibe, mukafuna mzere wa bambo anu ayezetse mchimwene wanu.

Wina anandifunsa ngati imaonetsa magazi a Akafula. Siikuonetsa, ndipo musayembekezere zambiri pamenepo, poti mafupa akale amene anakumbidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza atayezedwa DNA, kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti alenje akalewo anakhala kuno zaka masauzande koma mwa Amalawi a lero amene anayezedwa magazi awo pafupifupi mulibe.

Zina zing'onozing'ono, apu ndi ya Chingerezi chokhachokha ndipo imadya bandulo koopsa chifukwa cha mapu aja, pa netiweki ya kumudzi imangozungulira. Imakhalanso ikukunyengerera kuti ulipire zina mwezi ndi mwezi kuti uone zolembedwa zakale za makolo, musalipire, mabuku ake ndi a ku Ulaya ndi America, za kwa Tengani mulibemo. Ndipo chenjerani ndi gawo la achibale lija, limaulula. Ngati inu ndi mchimwene wanu muyezetsa nonse nkupezeka kuti bambo ndi osiyana, apu ilemba poyera popanda kukufunsani, nde kambiranani kaye pabanja musanagule awiri. Pali pozimitsira kuti anthu ena asakuoneni komanso pokanira kuti malovu anu asasungidwe kapena kugwiritsidwa ntchito pa kafukufuku, ine ndinakana zosunga koma za kafukufuku ndinavomera dala, mwina tikachuluka m'nkhokwemo adzayamba kutisiyanitsa.

Ngati ndalama ilipo ya kiti imodzi yokha yezetsani munthu wamkulu kwambiri pabanja osati inuyo, chifukwa iye ali pafupi ndi makolowo ndipo kaperesenti kamene kwa ine ndi 2 kwa azakhali anga kangathe kukhala 4 kapena 5. Ndawaitanitsira yawo, koma ulendo uno ndasankha ya kampani ina yopukuta mkamwa ndi kathonje, poti azakhali pa msinkhu wawo zolavula mpaka pa kamzere zija sangazikwanitse.